Ampulifaya ya Lameki yabwera yokha

Amayi, kaya mukugona bwanji kumeneko?

Kuno ku Mponela tilipo, koma kungokhalapo chabe. Chimanga chaka chino chachitako bwino, nkhokwe yadzaza, ngakhale fodya anang'ambika ndi matalala. Apongozi anu a Nabanda, akazi a Lameki, anachira mwezi wathawu. Ndi mwana wamkazi, mphumi yake ngati yanu. Bambo wake sanamuonebe, n'chifukwa chake ndakhala pansi kukulemberani.

Mukuikumbukira ampulifaya ija mwana wanu Lameki anabwera nayo kuchokera ku Joni, yachitsulo, yolemera, ya masipika awiri? Munkaiphimba ndi nsalu yanu yakutchalitchi kuopa fumbi, kwinaku mukudandaula kuti, "Chinthu chofuula chotere chimaitana ndi amene sunawaitane." Ife tinkangoseka. Maukwati onse kuyambira kuno mpaka ku Mvera ankavina ndi iyoyo.

Mu Okutobala akuluakulu a chipani anadzaifuna, ati kuli msonkhano pabwalo la mpira. Mukudziwa inu, anthu amenewo sakanidwa. Lameki anaikweza pangolo pamodzi ndi batire la galimoto. Dzuwa linali loswa mtengo. Anapempha kuti aiike pamthunzi, nati, "Bwana, iyi ikatentha imapsa." Anamuyankha kuti mthunzi ndi wa alendo.

Mlendo wamkulu ali pakati polankhula, mawu anangoti zii. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi ovina, ndipo ndinamva fungo la waya wopserera. Wina pagulupo anaseka. Lameki anagwada n'kumaikupiza ndi chipewa chake, thukuta lili kamukamu, koma sinadzukenso. Msonkhano utatha anamukweza m'galimoto, ati wazimitsa dala pofuna kunyoza boma.

Ndapita kupolisi ku Dowa kanayi ndi chakudya chake. Ulendo womaliza wapolisi wina wachikulire anandikokera pambali. "Mayi, anamusamutsa. Musabwerenso kuno, muli ndi ana." Ndinamufunsa kuti kuti. Anangoyang'ana nsapato zake.

Sabata yatha m'mawa galimoto inaima pamsewu, anthu awiri n'kutsitsa ampulifaya ija, kuitula pakhonde osapereka ndi moni womwe. A Nabanda anathamangira kugalimotoko mwana ali m'manja, poganiza kuti mwini wake atsikanso. Inangonyamuka. Kuyambira tsikulo sakudya bwino, ndipo mkaka wayamba kuchepa.

Anthu amene ankatiitana kumaukwati tsopano amatilambalala pamsika. Ngakhale amalume sanabwere kudzaona mwana. Sindiwada, Amayi. Nanenso ndili ndi mantha. Kalata ngati iyi sindingalembere munthu wamoyo.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Ngati Lameki wafika kale kwanuko, mubwere mundiuze kutulo, kuti a Nabanda alire maliro a mwamuna wawo ngati anthu ena onse. Mukakhala chete ndidziwa kuti akupumabe. Ndikulonjeza kuti tikatha kukolola mtedza ndikwera basi ya ku Lilongwe, ndikafunse khomo ndi khomo mpaka wina andiyankhe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati