Chitsulo cha M'munda wa Kumtunda

Vaucelin, 14 Okutobala 1961

Okondedwa achimwene Firmin,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno mbatata takumba, tirigu tikufesa. Koma si za mbewu zimene ndakhalira pansi kuti ndikulembereni.

Mukulikumbukira buku la kutchalitchi lija la amonke, la zaka mazana asanu ndi awiri, lolembedwa pamanja pazikopa, lokhala ndi zithunzi za anthu akulima ndi kukolola mwezi ndi mwezi. Bambo ndiwo ankasunga makiyi a tchalitchi pamene linasowa, Ajeremani atangolowa m'tauni. Kenaka anawagwira, nakafera kundende osanena kanthu, ndipo tauni yonse inagamula kuti analigulitsa kwa adani. Inu munatopa ndi kutchedwa mwana wa mbala, munakwera sitima. Sindikudzudzulani, ngakhale masiku ena ndimatero.

Lolemba lapitali pulawo yanga inakoka chitsulo m'munda wa kumtunda. Mukudziwa nokha kuti m'minda muno nkhondo ziwiri zinafesa zambiri kuposa ife. Chinali chotalika ngati mkono, chadzimbiri, chotsekedwa uku ndi uku. Ndinachita zimene mlimi aliyense amachita. Ndinachinyamula ngati khanda, kukachigoneka m'mbali mwa msewu, n'kutumiza uthenga kwa ophulitsa mabomba. Chinandipepukira m'manja, achimwene. Ndinamva ndithu kuti n'chopepuka, koma mvula inali itafika pafupi ndipo ndinali pachangu.

Anabwera Lachinayi. Mkulu wawo anachiyang'ana chapatali n'kunena kuti, "Ichi mtundu wake sindikuudziwa, ndipo chimene sindikuchidziwa sichikwera galimoto yanga. Tithana nacho pompano." Theka la tauni linadzaonerera, litabisala kuseri kwa linga lakale. Chitaphulika, utsi utayamba kuchepa, kumwamba kunagwa tizidutswa ngati masamba, tina tabuluu, tina tonyezimira golide. Kamodzi kanatera pansapato ya Gaspard, wophika buledi uja. Panali chithunzi cha mwendo wa ng'ombe ndi dzanja la munthu logwira pulawo.

Bambo analikulunga buku lija, kulilowetsa m'paipi, kutseka ndi mtovu, n'kulikwirira m'munda mwawo kuti adani asalipeze. Zaka makumi awiri zonsezi ndakhala ndikuponda pamwamba pake.

Mukuganiza kuti alipo anapepesa? Gaspard anatola kachidutswako n'kufuula kuti, "Aa, Léonce, banja lanu ndi logwira ntchito zedi! Bambo kuba, mwana kuwotcha!" Anthu anagwa nako kuseka. Ndinatolera tizidutswa todzaza chipewa, kupita nato kwa wansembe, kukawapempha kuti Lamulungu anene paguwa kuti bambo sanagulitse kanthu. Iwo anati, "Mwana wanga, kugulitsa sanagulitse, ndikuvomera. Koma munthu wokwirira chinthu m'munda mwake osauza aliyense, tidziwa bwanji ngati ankasungira tchalitchi kapena thumba lake?" Ndinatsala pang'ono kuwakhuthulira chipewacho kumaso. Anthu awa ndikudana nawo, achimwene, koma amene ndikumuda koposa ndi ine ndemwe.

Pempho langa ndi limodzi. Musaitchule nkhaniyi m'makalata anu kwa amayi, chifukwa amene amawawerengera ndi mkazi wanga Hortense, ndipo iye sadziwa kudumpha mzere. Amayi satulukanso m'nyumba, miyendo inakana, ndipo phokoso lija anangoliyesa bomba wamba.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akupereka moni wambiri, akuti muzivala zofunda. Akutinso ndikuuzeni kuti musataye mtima, bambo sanali mbala, bukulo lili penapake m'nthaka yathu yomweyi, ndipo iwo safa asanaligwire m'manja mwawo. Dzulo anandilamula kuti chaka chino ndizamitse pulawo. Ndinawayankha kuti ndizamitsa.

Ndine mng'ono wanu,
Léonce