Kaliwo wa a Sitima ndi Chipinda cha Pamwamba

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bondo la amayi lija likuti bwanji? Mwana wanga Kanyerere akudya, kapena akungonyambita shuga monga mwa masiku onse? Ine kuno ndili bwino, chimwemwe chokhachokha.

Khalani pansi kaye, nkhani ndi yaitali. Mukudziwa kuti zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikusesa ndi kupukuta zitini mu shopu ya fodya wa kaliwo ija, kugona kwake m'kachipinda ka anthu anayi momwe mwana sangakhalemo. Mwezi wathawu abwana, eni shopu, anandiitanira kuseri komwe amasakanizira fodya. Anandiululira kuti chidwalireni chimfine chachikulu chija mphuno yawo inafa, samvanso fungo lililonse. Chinanso, tsamba lakuda limene amathira mu fodya wa chitini chofiira lasiya kubwera, ndipo lotsalalo silifika miyezi iwiri. Chitini chofiiracho ndiye chimadyetsa shopu yonse.

Ndiye anati popeza ine ndimadziwa chitini chilichonse ndi fungo lokha nditatsinzina, ndiyese kusakaniza fodya watsopano. Akayenda malonda, tebulo losakanizirapo likhala langa pamodzi ndi chipinda cha pamwamba pa shopu. Zikakanika, alemba munthu wina wodziwa ntchitoyi, ndipo chipindacho chipita kwa iyeyo. Achimwene, chipinda cha zenera, chitseko chake chokhoma! Pomwepo m'maso mwanga ndinaona Kanyerere atagona pakona.

Koma vuto ndi makasitomala athu. Anthu osuta kaliwo ndi odabwitsa. Akamayamba amafuna kulawa chitini chilichonse, lero ichi mawa icho, ngati mwana wolowa koyamba m'sitolo ya maswiti. Zaka zikamapita chidwi chija chimazirala, munthu nkugwira chitini chimodzi basi mpaka kumanda. Pa mashelefu athu pali mitundu makumi anayi, koma yoyenda ndi itatu. Inayo ine ndimangoipukuta fumbi.

Mkulu wa anthu ovutawa ndi madala ena amene timawatcha a Sitima, chifukwa anapuma pa ntchito yoyendetsa sitima ya pamtunda. Amabwera tsiku lililonse ikangokwana teni koloko, nkukhala pa benchi ya pakhomo ndi anzawo asanu. Iwo akati chabwino, onse amagula; akakwinya mphuno, zathera pomwepo. Abwana anandiuza mosabisa kuti mayeso anga ndi a Sitima, ndipo achite kugula, osati kungoyamika pakamwa.

Ndinasakaniza koyamba nkuwapatsa a Sitima. Anakoka kawiri, nkunena kuti ndi chitini chofiira chomwecho koma chodwala. Kachiwiri ndinasintha zonse, tsamba lowala lambiri, kotsekemera pang'ono, moti ngakhale wobweretsa makalata atalowa anafunsa chimene chinkanunkhira. A Sitima anakoka, nkubwereza mawu omwewo! Anaonjezera kuti iwo analawa zonse ali mnyamata ndipo anapeza kuti fodya ndi fodya, ndisamadzivute. Zinandipweteka, achimwene, mpaka ndinakalirira kuseri kwa matumba.

Tsiku lotsatira anaiwala kaliwo wawo pa kauntala popita kokameta. Ndinamutola kuti ndiwasungire, nkumununkhiza. Aaa! Wopanda fodya, wozizira, koma fungo la chitini chofiira lokhalokha. M'kati munali mwaye wouma gwa, wokhuthala moti chala changa chaching'ono chinalowa movutikira. Ndinati kani nkhani ndi imeneyi! Chilichonse chimene angaikemo chizituluka ndi kukoma kwa fodya wakale uja.

Mukundidziwa ine ndi phuma langa. Amayi athu anatopa nkundiuza kuti kuthamanga sikufika. Ndinatenga kampeni, nkupala mwaye wonse mpaka mtengo kuonekera, nkupukuta bwinobwino, ndikudziona ngati ndachita chanzeru. Popeza ine sindisuta, sindinkadziwa kuti kwa anthu amenewa mwaye umenewo ndi chuma. Amachita kuulera, amati umateteza kaliwo kuti asapse, ndipo ukachuluka amangouchepetsa pang'ono, osati kuchotsa wonse.

Atabwerako ndinawapatsa ndikumwetulira. Anasuzumira m'kati, nkhope nkugwa. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anangonena chapansipansi kuti kaliwoyo anawagulira ndi malemu akazi awo, ndipo mwaye umene ndataya kudzalawo unali wa zaka makumi atatu. Ndinapepesa pamaso pa anthu onse mpaka mawu kutha. Iwo anangovala chipewa nkumapita osatsanzika.

Masiku asanu ndi anayi benchi ya pakhomo inali yopanda munthu, anzawo aja nawonso zii. Abwana sanandinene, ankangoyang'ana benchiyo nkuusa moyo. Ine chakudya sichinkalowa. Ndinayamba kukulemberani kalata ina yoti ndalephera, koma ndinaing'amba.

Dzulo, teni koloko yeniyeni, ndikungoona chipewa chija chikulowa, anzawo ali pambuyo! Anakhala pansi osandiyang'ana, nkuuza abwana kuti chitini chawo chofiira chinatha pa tsiku lachinayi, koma chifukwa cha mkwiyo sanafune kuponda kuno. Chibaba chitawagwira anapisa m'thumba la jekete nkupeza kaphukusi ka fodya wanga wachiwiri uja, kamene ndinawapatsa tsiku lolawa. Akuti atayatsa mu kaliwo wopalidwa uja anaima chilili pakati pa nyumba, chifukwa patapita zaka zambiri anamva kukoma kumene sankakudziwa. Nthawi yonseyi ankaganiza kuti lilime lawo lakalamba, ndipo ankachita manyazi kuulula, ndiye ankangoti fodya ndi fodya.

Kenako anagula zitini ziwiri. Ziwiri, achimwene! Anzawo atatu anagula chimodzichimodzi. Awiri akuti ayambe aganiza kaye, amenewo ndithana nawo. Potuluka a Sitima anandiloza ndi kaliwo uja, nkunena kuti andikhululukira theka lokha, ndipo ndikadzamugwiranso adzandidula zala. Ndinaseka misozi ili chuchuchu.

Abwana anandipatsa kiyi masana omwewo. Chipindacho ndakolopa kale kawiri. Denga likudontha pakona imodzi ndipo mpopi ndi wa panja, koma ndi changa. Muwauze amayi asade nkhawa, sindinayambe kusuta, ndipo utsi sufika kumwambako chifukwa makwerero ake ndi akuseri.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mupite kusukulu kwa Kanyerere mukamutengere kalata yosamukira, ndipo mubwere naye inuyo pa basi ya m'mawa Loweruka la pa 14. Matikiti awiri ndaika mu envelopu yomweyi. Malo a sukulu ndamupezera kale, sukuluyo ili kumapeto kwa msewu wathu, azipita wapansi. Ndikudziwa kuti alamu amulera ngati mwana wawo ndipo ziwapweteka. Muwauze kuti zimene andichitira sindidzaiwala, ndipo tchuthi chilichonse azibwera kudzawaona.

Chonde Kanyerere musamuuze kuti apita posachedwa. Mawu amenewo ndamuuza zaka ziwiri, ndipo ulendo watha nditawanenanso pa foni anangoti chabwino, nkupereka foni kwa alamu. Mumuuze tsiku lenileni, mumuonetse pa kalendala, aziwerenga yekha.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali, amalume ndi ana onse. Inunso achimwene mudzavale jekete, kuno m'mawa kumazizira. Loweruka limenelo ndidzakhala pa depoti basi isanafike. Kanyerere akadzapanda kundizindikira msanga musadzamukalipire, ndidzayamba ndine kumuitana.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Make Kanyerere