Agologolo Anga ndi Malaya a Dokotala

Lolemba, 14 Novembala

Ndine Ezell Tarver, zaka 78. Kulembaku ndinakuphunzira ndevu zitamera kale, ndiye ndimapita pang'onopang'ono.

Lero a Dokotala Puckett, ozula mano a ku Jackson aja, amenenso ndi mkulu wa kalabu ya alenje, akhoma pepala pageti. Akuti m'nkhalango yonse imene kalabu ikuchita lendi kwa akampani ya matabwa, kusaka agologolo kwatha. Ati galu wanga Pearl akuthawitsa nswala. Wogwidwa abweze kiyi wa getilo, asadzapondemonso. Kodi wosaka agologolo kuno ndi ndani? Ine ndekha. Akanangolemba dzina langa basi, inki isawonongeke.

Lachitatu, 16 Novembala

Tsiku lonse kukhoma makwerero a nsanja zawo zodikirirapo nswala m'mitengo. Tirigu amene ndinadzalira nswala wamera bwino. Zikudya bwino kuposa ine.

Mkazi wanga Lurleen akuti, "Inu, zaka 60 mukusaka m'menemo, lero mukuopa pepala?" Ndati pepala ayi, koma kiyi. Komabe Pearl wakalamba, chaka chamawa sadzathamanganso.

Lachisanu, 18 Novembala

Alenje a kalabu afika. Zovala zatsopano, fungo la m'sitolo lokhalokha.

Ku kampu yawo khoma ladzaza zidutswa za malaya. Ukaphonya nswala amakudula malaya kumbuyo ndi mpeni, chidutswacho n'kuchikhoma ndi dzina lako. A Dokotala anaimirira pamenepo akusisita mimba. "Zaka 19, changa palibe apa." Dwight Mabry wogulitsa matayala, amene ali ndi zidutswa zisanu ndi ziwiri pakhomapo, anangolavula.

Loweruka, 19 Novembala

Ndalephera kupirira. M'mawa ndinalowera kukhwawa ndi Pearl, kumene ndinkati kulibe munthu.

Ndisanawombere n'komwe, tonde wa nswala uyo. Nyanga ngati mpando wogadabuzika. Anaima poyera, akutafuna. Ndiyang'ane m'mwamba, a Dokotala ali pansanja! Pakati pa iwo ndi tondeyo ngati kuchoka pakhomo la tchalitchi kufika paguwa.

Phuu! A Dokotala awombera, dothi linauluka. Phuunso! Apa anapha mtengo. Tondeyo anachoka mosafulumira, ngati munthu wotuluka mu msonkhano wosakoma.

Pamenepo Pearl anauwa. Iwo anandiona, ine ndinawaona. Ndinavula chipewa mwaulemu n'kubwerera. Gologolo ngakhale mmodzi.

Lurleen akuti ndiike kiyi m'thumba, ndikabweze ndekha asanandichititse manyazi.

Lamulungu, 20 Novembala

Titadya masana bwalo linakhala ku kampu. Dwight woweruza, mpeni ali nawo kale m'manja. Ine kiyi m'thumba.

"Dzulo kukhwawa kunalira mfuti kawiri, koma nyama sitinaione. Kunali ndani?"

A Dokotala akuyang'ana m'kapu ya khofi ngati mwagwera dzino.

"Adokotala, nsanja ya kumeneko si yanu?"

Anatsokomola. Kenako akuti, "Anali a Ezell. Amawombera agologolo."

Onse maso pa ine. Dwight akuti, "Ndiye madalawa abweze kiyi, pepala likutero."

A Dokotala msangamsanga, "Ayi, ayi. Ndinawaloleza ine. Kukhwawa konse ndi kwawo, azisaka ndi galu wawo chaka chonse. Ndinangoiwala kulemba."

"Mwamva nonse?" ndinafunsa ine. Anati amva. Ndinauza a Dokotala alembe pomwepo, poti ine kuwerenga ndimachedwa koma ndimafika. Analemba.

Dwight sanakhutire. Anabwera pafupi, mpeni ukadali m'manja. "Madala, tiuzeni zoona. Kamfuti kanu kaja kamalira ngati kuthyola kamtengo. Dzulo mawindo a kampu anagwedezeka. Gologolo wanji ameneyo?"

Ndinayang'ana a Dokotala. Thukuta kamukamu, dzanja lagwira malaya kumbuyo.

Ndati, "Mwana wanga, agologolo a chaka chino ndi akuluakulu. Wadzuloyo anali ndi nyanga."