Mphika wa duwa wagwa pa varanda

Lachinayi madzulo. Kwatentha.

Masana ndinakweza mphika wa duwa langa lofiira pakampanda ka varanda, khonde lathu lam'mwamba, kuti liwale bwino ndikamalijambula. Potembenuka kuti nditenge tinta, utoto wojambulira, ndinaugunda ndi chigongono. Unachoka pansanjika yachitatu n'kukaphwanyika pamphasa pamene khanda la Dona Rosa, a nyumba yapansi, limagona. Anali atangolinyamula kukalisambitsa.

Dona Rosa sanakuwe. Anangoyang'ana kumwamba, ine n'kubisala. Kubisala kwanji? Mu predyo yonse ino, nyumba yathu yosanjayi, wodzala maluwa ndine ndekha.

Bambo akunyumba akuti, "Tsikani mukapepese, mayi, amuna awo asanabwere kuchokera ku Moatize."

Miphika yonse ndaichotsa pakampanda. Nsapato ndavala kawiri, kawirinso ndavula. Ndikafika pakhomo pawo ndikayamba ndi mawu ati?