Lenzi ija ilibe mlandu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Lenzi ija ndaiyesa Loweruka, ndipo ilibe vuto lililonse.

Ndikunena galasi lakutsogolo kwa kamera, lomwe ndinakujambulirani pakhonde ku Kandeu tsiku lomwe tinachokera kuchipatala. Zithunzi zonse zisanu ndi chimodzi zinatuluka zachimbuuzi. Mpango wanu ukuoneka, koma maso ayi. Chaka chonsechi ndakhala ndikuuza chitsirizira wanu, Esinati, kuti lenziyo ndi yakale, inachita chuku mkati.

Esinatiyo wabereka mwana wamkazi mwezi watha, tamutcha dzina lanu. Kachewere wa kudimba kwanu wachita bwino, ngakhale mbuzi za amalume zinadya mizere iwiri. Chiliza chanu tivundukula mwezi wamawa, ndipo abale akufuna nkhope yanu pansalu. N'chifukwa chake ndinafuna kudziwa chinaononga zithunzizo.

Ndinamata tsamba la nyuzipepala pakhoma, n'kuika kamera patebulo, n'kuitchera kuti ijambule yokha popanda kuikhudza. Ndinajambula ndi malenzi anga onse atatu, mtunda womwewo, kuwala komweko. Ndinaunikanso mkati mwa yakale ija ndi tochi: chuku mulibe, kafumbi chabe. Pa kompyuta, lenzi yomwe ndinkainamizira ija ndiyo yaposa zinzake. Ngakhale timalemba ta m'makona tikuwerengeka tonse. Ndinabwereza katatu. Kenako ndinanyamula kamera m'manja, n'kujambula tsamba lomwelo ndikukumbukira khonde lija. Malemba onse anasokonekera.

Tsiku lija munandifunsa kuti, "Manja akowa akunjenjemera bwanji? Wadya koma?" Ndinati ndi chisanu cha Juni. M'thumba la malaya anga munali pepala la zotsatira za kuchipatala. Ndinali nditaliwerenga m'minibasi, mawu ake onse ndinawamva, ndipo sindinakuuzeni. Inu munangokonza mpango, n'kunena kuti ndijambule msanga nkhuku zisanamalize chimanga chomwe munayanika.

Munkakonda kunena kuti ine sindikhulupirira mvula mpaka itandinyowetsa. Yandinyowetsa, Amayi.

Lachisanu ndipita pa Boma kukatsukitsa chithunzi chachinayi, chomwe mukuoneka ngati mukufuna kuseka. Chabwino kuposa chimenecho palibe, ndipo sipadzakhalanso. Esinati ndimuuza zoona tisanagule nsalu. Ndikulonjeza kuti mnzanu wa dzina ndidzamujambula kamera ili patebulo.

Ine mwana wanu wokukondani,
Yohane