Mgonero wa Ba Josiah

Lolemba, 5 Juni 1989

Amuna anga ba Josiah adya phala, masupuni asanu. Zikomo Ambuye! Chifuwa chokha ndiye sichileka. Andiuza kuti, "Ennie, nifuna Mgonero nikalibe kufa." Ndawakalipira kuti asamatchule imfa m'nyumba mwanga, kenako ndakalirira kuseri kwa chimbudzi.

Mpingo unawadula chaka chatha chifukwa chogulitsa kachasu ntchito itatha ku fakitale. Kachasuyo ndinkaphika ndine. Iwo anangoti mlandu ngwawo.

Lachitatu, 7 Juni

Kwabwera ba Edwell, mkulu wa mpingo wa kuno ku komboni ya George, jekete yomanga mabatani mpaka pakhosi. Akuti lamulo ni lamulo: wodulidwa achite kalasi miyezi sikisi, kenako aimirire pamaso pa mpingo, alape. Miyezi sikisi! Munthu woti ndimamutembenuza ndine pabedi?

Pakamwa panga pandithawa. Ndati, "Nanga wakuba wa pamtanda uja anachita kalasi miyezi ingati?" Ndaululanso kuti wophika ndinali ine, andidule ndine. Angoyang'ana pansi, atenga chipewa, ulendo. Ndaononga zonse, ine ndi kamwa langali.

Lachinayi, 8 Juni

Amayi a Chigwirizano abweretsa unga wa m'mbale ndi malasha. M'nyengo ino yogula unga ndi makuponi a boma! Mmodzi wa iwo, ba Marjory, achapa mabulangete opanda sopo. Mulungu awakumbukire.

Loweruka, 10 Juni

Pamzere wa buledi ku Matero ndaona ba Edwell kutsogolo, milomo itauma ndi mphepo. Anthu akuti afika m'mamawa kwambiri. Ine buledi wandithera pamaso. Sitinalonjerane.

Lamulungu, 11 Juni

Sindinapite kutchalitchi. Cha m'ma 12 ndamva nyimbo mumsewu, ndati kaya maliro a ndani. Kusuzumira, mayo ine, mpingo wonse pakhomo panga! Abusa ba Nkole, akwaya, ana, ena aima m'ngalande chifukwa malo kulibe.

Ba Edwell alowa ndi buledi uja m'kansalu koyera. Akuti za kalasi akulu akhululuka dzulo, abusa anawafunsa ngati chotiyeretsa ni kalasi kapena Yesu. "Koma kuimirira pamaso pa mpingo, ico sitingacotse. Ndiye mpingo tabwera nawo."

Ba Josiah ati, "Miyendo ilibe mphamvu."

Ba Edwell avula jekete, awagwira m'khwapa, ine mbali inayo, tawaimika pakhomo. Opepuka ngati mtolo wa udzu, mwamuna wanga. Alapa ndi mawu osamveka. Nanenso ndalapa zanga mokweza, misozi mbwee, ndikudikira kudulidwa. Abusa angonyema buledi pawiri.

Ba Josiah ameza bwinobwino, osatsokomola.

Anthu atapita ba Josiah andiitana. Akuti ndikabwereke lezala kwa aneba athu ba Moven, ndevu zachuluka.