Mchere wa m'Ndiwo za Andrea

Nyachikadza, Juni 1921

Okondedwa alongo anga a Simoni,

Landirani moni wochokera kuno kudambo. Kodi muli bwanji ku Beira kumeneko? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno amayi ali bwinoko, kungoti maso ayamba kuchita khungu. Madzi a Shire aphwa, anthu ayamba kudzala m'madimba.

Za maliro awiri aja aphunzitsi anakulemberani kale. Iwo analemba zimene mudzi ukudziwa. Ine ndikulemba zimene ndikudziwa ndekha, ndipo muwerenge mutakhala pansi.

Mwambo wa kwathu mukuudziwa: mkazi amene wagona ndi mwamuna wosakhala wake sathira mchere m'ndiwo. Akathira amadula ana a pakhomo. Mwana wanu Andrea atayamba kutupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, akulu onse anati ndi mdulo. Maso onse anagwera pa mlamu wanga Estere, mkazi wanu, poti inu mwatha chaka ndi theka muli kutali.

Alongo, mchere uja ndinathira ndine.

Tsiku limenelo Estere anapita kudambo kukakumba nyika, mizu yodyedwa ya m'madzi ija, nandisiyira mphika wa mlamba pamoto. Anati ukawira ndithire mchere, poti ine ndine mbeta, ndilibe chondiletsa. Akanadziwa! Dzulo lake ndinali m'bango ndi Sebastiano, wogula nsomba wa ku Marka uja, amene ali ndi mkazi ndi ana atatu. Ndikanatha kuitana amayi kuti adzathire iwo, koma akanafunsa chifukwa chake. Ndinaima ndi mchere m'manja, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuthira.

Aphunzitsi amati mchere supha mwana, Andrea anafa ndi njala ya chaka chatha ndi malungo. Kapena akunena zoona, ine sindidziwa. Koma amene anapha Estere ndikumudziwa.

Titaika mwana, atate aang'ono anaitana bwalo. Anauza Estere kuti atchule mwamunayo. Iye amangokana kuti nkhabe, mwamuna wake ndi mmodzi, ali ku Beira. Anamufunsanso kuti nanga amathira mchere pakhomo pano ndani ngati si iye. Apo anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndinazyolika, n'kumakanda pansi ndi chala.

Kenako Estere anapempha yekha mwabvi. Poti boma linaletsa, akulu anakonza zomuwolotsa pa bwato kupita naye kutsidya kwa Apwitikizi. Ndinamuperekeza mpaka padoko nditamunyamulira nsalu. Pokwera anandigwira dzanja, nandinong'oneza kuti akudziwa amene anathira mchere tsiku lija, koma sanditchula, chifukwa mawuwo ndi anga, ndiyenera kuwanena ndekha. Anati bwato silinanyamuke, mpata ukadalipo.

Anadikira, alongo. Wopalasa anamukalipira kawiri konse, iye akundiyang'anabe. Ine ndinamupatsa nsalu yake n'kumuuza kuti ayende bwino.

Ndinadzinamiza kuti wosalakwa amasanza. Sanasanze. Anamukwirira komweko kuthengo, popanda nyimbo, popanda wolira, ndipo mudzi wonse unati mwabvi wagwira wachigololo. Lero mwana wanu wamkulu Teresa akafika kumadzi, anzake amasuntha mitsuko yawo.

Lamulungu lapitali aphunzitsi anatiphunzitsa kuti wochita zoipa amadana ndi kuwala, amakuthawa kuopa kuti ntchito zake zingaoneke. Anthu ankagwedeza mitu, akuganiza za afiti ndi akuba oyenda usiku. Ine thukuta linangoti kamukamu. Zanga zonse ndinachita dzuwa likuswa mtengo. M'bango munali masana, pamphika panali masana, padoko panali masana. Mdima ndinali nawo m'kamwa.

Ndiye taonani, akundikonzera ubatizo! Amayi asoka kale nsalu yoyera ndi maso awo ovutawo, akuti pakhomo pano ine ndekha ndiye sindinawachititse manyazi. Ndikaiona ili pachingwe ndimatembenuza nkhope.

Ngakhale kalata ino ndi mantha omwewo, ndikudziwa. N'kwapafupi kuulula kwa munthu amene ali kutali, pa pepala lomata. Choncho sindidikira yankho lanu. Mlandu suola, ndipo wangawu wayamba kundinunkha ndekha. Lamulungu likudzali, asananditsitsire m'madzi, ndidzaima padoko lomwe lija pamaso pa mudzi wonse n'kunena. Sebastiano adzakana, ndikumudziwa ndi pakamwa pake pa malonda. Atate aang'ono mwina adzandithamangitsa. Za amayi sindifuna n'komwe kuganiza.

Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndamva kuti munayankha aphunzitsi kuti dzina la Estere lisamvekenso pakhomo panu. Litchuleni, alongo. Bwerani, muwoloke, mukaone pamene anamugoneka, mukamulire monga amalirira mkazi wokhulupirika. Anakudikirani chaka ndi theka osayang'ana kumbali, ndipo ine anandidikira mpaka bwato kunyamuka.

Mundiperekere moni kwa a Pedro ndi onse a kwathu amene mukugwira nawo ntchito kumeneko. Mulungu akusungeni, akulimbitseni mtima pamene mukuwerenga izi.

Teresa akuti moni. Ndine ndimamuphikira tsopano, ndipo amati ndiwo zanga zimakoma ngati za amake. Lamulungu nayenso adzakhala padoko.

Ndine mlongo wanu,
Priska